Funsani Aphunzitsi: Ndani amalumikiza zidutswa za mapuloteni m'selo?

Makalata a mwezi uno agwera pa nkhani imodzi ngakhale olembawo sakudziwana. Yoyamba ndayiyankha motalika chifukwa enawo atsamira pa iyo.

Funso: Aphunzitsi, ndili chaka chachiwiri cha maphunziro a unamwino. Taphunzira kuti kachida kamene maselo a chitetezo otchedwa T amazindikirira mdani kali ndi zidutswa 8 za puloteni, ndipo majini opanga zidutswazo ali pa makromozomu osiyanasiyana. Nditafunsa kuti amazilumikiza ndani, anandiyankha kuti "zimangolumikizana zokha". Sindinakhutire. M'selo mulibe maso, mulibe manja. Nanga zimadziwana bwanji?
— Wophunzira unamwino

Yankho: Mwachita bwino kusakhutira. Yankho munalandiralo si labodza, koma ndi lija aphunzitsife timapereka belu likatsala pang'ono kulira.

Tiyambe ndi malo amene zidutswazo zimakhala. Selo lililonse lakutidwa ndi nembanemba ya mafuta oyalana mizere iwiri, yochindikala pafupifupi mananomita 5. Kuti mupeze nanomita imodzi, gawani milimita m'zigawo miliyoni. Pakati pa mafutawo madzi safikapo, choncho mchere, shuga ndi uthenga wochokera kunja sizingadutse popanda puloteni yozikika mu nembanembamo. Pa majini anayi aliwonse a munthu, pafupifupi limodzi limapanga puloteni yamtunduwu.

Puloteni ndi unyolo wa ma amino acid, amene alipo a mitundu 20. Ena amakonda madzi, ena amadana nawo. Gawo loboola nembanemba limakhala ndi ma amino acid pafupifupi 20 odana ndi madzi, opotana mozungulira. Vuto lake n'lakuti makina opanga puloteni, omwe ndi ribosome, amagwirira ntchito m'madzi a m'kati mwa selo. Gawo lodana ndi madzi likangotulukira m'madzimo limamatirira chilichonse chofanana nalo, n'kupanga chibuma chopanda ntchito. N'chifukwa chake selo silidikira kuti puloteni ithe kupangidwa. Gawo lija likangosuzumira kunja kwa ribosome, kachida kotchedwa SRP kamaligwira, n'kukoka ribosome yonse kupita nayo ku nembanemba ya m'kati yotchedwa endoplasmic reticulum, mwachidule ER. Ganizo lakuti puloteni imanyamula yokha chizindikiro cha kumene ikupita analipereka Günter Blobel ndi David Sabatini mu 1971. SRP anaipatula Peter Walter ndi Blobel yemweyo mu 1980, ndipo Blobel analandira mphoto ya Nobel mu 1999.

Pa ER pali njira yotchedwa Sec61. Ribosome imakhala pakamwa pa njirayo n'kumalowetsamo unyolo pamene ukupangidwa. Mu 2004 gulu la Tom Rapoport linaona kaumbidwe ka njira yamtunduwu ndipo linapeza kuti ili ndi khomo la m'mbali lotsegukira m'mafuta. Gawo lokonda madzi limadutsa mpaka tsidya lina, pamene lodana ndi madzi limatulukira pa khomo la m'mbalilo n'kukhazikika mu nembanemba. Kuti puloteni isazikike chadodolido pali lamulo limene Gunnar von Heijne analizindikira mu 1986: mbali yokhala ndi ma amino acid ambiri a chaji ya pozitivu ndi imene imatsala m'kati mwa selo.

Mpaka pano chidutswa chilichonse chili chokha. Tsopano tifike pa funso lanu.

Kachida munatchulako kali ndi chidutswa cha alpha chochokera pa kromozomu 14, cha beta cha pa kromozomu 7, zidutswa za CD3 zotchedwa gamma, delta ndi epsilon za pa kromozomu 11, ndi zeta ya pa kromozomu 1. Epsilon ndi zeta zimalowamo ziwiriziwiri, n'chifukwa chake zonse zimakwana 8. Chilichonse chimapangidwa pachokha n'kuzikika mu ER, ndipo poti mafuta a nembanemba si ouma, zidutswazo zimayendayenda n'kumagundana. Kukumana kwake n'kwamwayi, koma kugwirana kwake ayi.

Taonani chodabwitsa. Ndanena kuti gawo loboola nembanemba limadana ndi madzi. Koma pakati penipeni pa gawo limeneli, alpha ili ndi ma amino acid awiri a chaji ya pozitivu, beta ili ndi imodzi, ndipo zidutswa 6 zotsalazo chilichonse chili ndi imodzi ya negetivu. Chaji siikhazikika m'mafuta. Imafuna madzi, kapena chaji inzake yoti iiphimbe. Ndiye kuti chidutswa chilichonse chimabadwa ndi chilema chimene sichingadzichotsere chokha. Mu 2002 Matthew Call ndi Kai Wucherpfennig anasonyeza mmene zimayendera: chaji imodzi ya pozitivu imagwira ziwiri za negetivu. Imodzi ya alpha imagwira delta ndi epsilon, ya beta imagwira gamma ndi epsilon inayo, ndipo yachiwiri ya alpha imagwira zeta ziwiri, zomwe zimalowa pomalizira. Zonse zikagwirana, chaji zonse 9 zimabisika m'kati mwa mtolowo, ndipo kunja kumangotsala mbali zogwirizana ndi mafuta.

Nanga chidutswa chimene sichinapeze mnzake? Apa ndi pamene mabuku ambiri amadumpha, koma kwa ine m'pamene pagona nkhani. Mu 1988 gulu la Richard Klausner, mmene munali Jennifer Lippincott-Schwartz ndi Juan Bonifacino, linapeza kuti alpha ikakhala yokha imawonongedwa mwamsanga isanachoke n'komwe mu ER. Chaji zomwe zija zimene zimaitana mnzake ndi zimenenso zimaiulula. Selo limaimata chizindikiro chotchedwa ubiquitin, makina otchedwa p97 amaizula mu nembanemba, kenako makina ena ophwanya mapuloteni, otchedwa proteasome, amaiphwanya kuti ma amino acid ake agwirenso ntchito ina.

Ganizirani mlonda wa pageti amene sadziwa nkhope ya aliyense komanso satha kuwerenga chiphaso. Anangouzidwa kuti aliyense wokhala ndi batani losamanga asatuluke. Koma malaya a anthu onse pamalopo mabatani ake ali kumsana, moti palibe angadzimange yekha, ndipo amene wakhalitsa osamangidwa amachotsedwa pamzere. Mlondayo sakudziwa kuti gulu lokwanira limaoneka bwanji, komabe otuluka onse amakhala okwanira. ER imachita chimodzimodzi. Ilibe chithunzi cha kachida komalizidwa, imangofufuza mbali zimene zinayenera kubisika koma zikuonekerabe.

Njira imeneyi ndi yowononga, tisabise. Selo la T limapanga zidutswa zambiri kuposa zimene lidzagwiritse ntchito, ndipo zochuluka zimangophwanyidwa. Zeta ndiyo imapangidwa yochepa, choncho ndiyo imalamula kuchuluka kwa zida zimene zifike pamwamba pa selo. Ophunzira ena amaona ngati kumeneku n'kulephera kwa selo. Ine ndimaona mosiyana. Kachida kopereweza kakafika pamwamba pa selo la chitetezo kangathe kuona mdani koma osauza selo, kapena kuliuza pamene mdani palibe. Kutaya ma amino acid n'kotchipa poyerekeza ndi zimenezo.

Pali mbali imodzi imene mawu akuti "zokha" amalakwitsa ndithu. Chidutswa chodikira mnzake chimafuna wochisunga kuti chisamatirire pachabe kapena kuphwanyidwa nthawi isanakwane. Ntchito imeneyi amagwira ndi mapuloteni osamalira anzawo monga calnexin ndi BiP. Posachedwapa apezanso ena ogwirira ntchito m'mafuta momwemo. EMC inapezeka mu yisiti mu 2009, ndipo mu 2018 gulu la Ramanujan Hegde ku Cambridge linasonyeza kuti imazika magawo amene sadana ndi madzi mokwanira. Gulu lomwelo mu 2020 linafotokoza za PAT, imene imaphimba kwa kanthawi magawo okhala ndi chaji mpaka puloteni itapindika bwino. Palinso osamalira a ntchito imodzi yokha. Kachida kena kolandira uthenga wa acetylcholine, mankhwala amene mitsempha imatumizira uthenga, kali ndi zidutswa 5 zozungulira bowo, ndipo mtundu wake wina wa m'ubongo wotchedwa alpha 7 sulumikizana bwino popanda puloteni yotchedwa NACHO. Osamalirawa amachoka ntchito ikatha. Mukayang'ana kachida komalizidwa simuwaonamo, n'chifukwa chake zithunzi za m'mabuku anu zilibe.

Mayeso akadzafika, yankhani mmene anakuphunzitsirani, koma muwonjezerepo za alpha yopanda mnzake.

Funso: Mayi anga ali ndi matenda a shuga ndipo amamwa glibenclamide. Ndinawerenga kuti mankhwalawa amatseka kabowo kena m'maselo a kapamba. Kutseka bowo kungachulukitse bwanji insulini?
— Mwana wosamalira mayi ake

Yankho: Zikomo posamalira mayi, ndipo muwapatse moni. Bowo limene mwawerengalo limatchedwa KATP, ndipo limadutsitsa potaziyamu kuchoka m'selo kupita kunja. Likakhala lotseguka, selo lopanga insulini limakhala phee. Mayi akadya, shuga amalowa m'selomo, ATP (kamolekyu konyamula mphamvu m'selo) imachuluka, ndipo ATP imatseka bowolo. Potaziyamu akaleka kutuluka, mphamvu ya magetsi pa nembanemba imasintha, mabowo a kashiamu amatseguka, ndipo kashiamu ndi amene amatulutsa insulini. Frances Ashcroft ndi anzake ku Oxford anasonyeza mu 1984 kuti shuga amatseketsa bowoli. Glibenclamide amalitseka osadikira shuga. Pa chifukwa chimenechi munthu akamwa mankhwalawa koma osadya, shuga angatsike kwambiri mpaka kuchita thukuta, kunjenjemera kapena kukomoka. Mayi asamadumphe chakudya, ndipo za kusintha mlingo muzikambirana ndi achipatala.

Bowoli nalonso ndi mtolo wa zidutswa 8. Zinayi zotchedwa Kir6.2 zimapanga bowo lenilenilo, ndipo zinayi zazikulu zotchedwa SUR1 zimalizungulira. Mankhwala a mayi amagwira pa SUR1. Mu 1999 ofufuza a m'gulu la Lily Jan ndi Yuh Nung Jan ku San Francisco anapeza kuti mitundu iwiri yonseyi ili ndi chizindikiro cha ma amino acid atatu, arginine, lysine ndi arginine, chimene chimabwezera chidutswa ku ER. Chizindikirocho chimabisika pokhapokha zidutswa zonse 8 zikakwana. Kir6.2 zinayi zopanda SUR1 sizifika pamwamba pa selo.

Kufunika kwake kumaoneka mwa ana ena obadwa ndi jini la SUR1 lolakwika. Mwa ena a iwo puloteniyo simapindika bwino, mtolo sukwana, ndipo bowo silifika pamwamba pa selo. Kwa selo, bowo limene palibe n'chimodzimodzi ndi bowo lotsekeka, choncho limangotulutsa insulini osaleka ndipo shuga wa khandalo amatsika moopsa. Mankhwala otsegula bowoli, diazoxide, sathandiza ana amenewa poti palibe choti atsegule. Palinso vuto losemphana nalo. Mu 2004 gulu la Andrew Hattersley ku Exeter linapeza kuti makanda ena odwala shuga asanakwanitse miyezi 6 ali ndi Kir6.2 yosamva ATP, yongokhala yotseguka. Ambiri mwa ana amenewa anasiya jakisoni wa insulini n'kuyamba mapiritsi a m'gulu la amene mayi anu amamwa.

Funso: Aphunzitsi, ndimagwira ntchito ndi odwala TB yosamva mankhwala. Ena mwa amene amalandira linezolid magazi amawachepera, ena amadandaula dzanzi kumapazi pakapita miyezi. Mankhwala opha bakiteriya akukhudza bwanji maselo a munthu, ndipo n'chifukwa chiyani mavutowo amabwera mochedwa?
— Wazaumoyo

Yankho: Anzanga, yankho lili mu mitochondria, kumene kulumikiza zidutswa n'kovuta kuposa kwina kulikonse m'selo, chifukwa zidutswazo zimachokera ku DNA ziwiri zosiyana.

Mitochondria ndi mbadwa za bakiteriya amene analowa m'selo kalekale n'kukhazikika. Mpaka lero ali ndi DNA yawoyawo ndi ribosome zawozawo. DNA imeneyi mwa munthu ili ndi zilembo 16,569, anaiwerenga yonse ku Cambridge mu 1981, ndipo imapanga mapuloteni 13 okha. Onse 13 ndi zidutswa za makina a mu nembanemba ya m'kati ya mitochondria, amene amasandutsa chakudya ndi okosijeni kukhala ATP: 7 a Complex I, imodzi ya Complex III, atatu a Complex IV ndi awiri a ATP synthase. Mapuloteni ena onse a mitochondria, oposa 1,000, amapangidwa kunja motsatira DNA ya mu nucleus, chipinda cha selo chosungira makromozomu, ndipo ambiri amalowa kudzera m'njira zotchedwa TOM ndi TIM.

Complex I ya munthu ili ndi zidutswa 45. Zimenezi sizingalumikizane mwa kungogundana chimodzichimodzi. Zimayamba kupanga timagulu ting'onoting'ono, kagulu kalikonse ndi osamalira ake, kenako timaguluto timalumikizana kukhala dzanja limodzi logona mu nembanemba ndi lina lolowa m'kati. Zidutswa 7 zopangidwa m'mitochondria momwemo zili m'dzanja logonalo, ndipo n'zodana ndi madzi kwambiri. Complex IV ndi yocheperapo, koma othandiza kuilumikiza ndi oposa 30, kuchuluka kuposa zidutswa zake, chifukwa pamafunikanso kulowetsamo kopa ndi heme (kamolekyu kokhala ndi ayironi) pa nthawi yake. Mmodzi mwa othandizawo, SURF1, akalakwika, mwana amadwala matenda oopsa a ubongo amene Denis Leigh anawafotokoza mu 1951. Taonani kuti majini a zidutswa zonse za makinawo amakhala abwinobwino. Chasowa ndi wolumikiza yekha.

Mu yisiti anapeza kanjira kamene ndimakakonda. Puloteni yotchedwa Mss51 ndiyo imalola kuti chidutswa chapakati cha Complex IV, Cox1, chipangidwe. Cox1 ikapangidwa, Mss51 imaikakamira mpaka zidutswa zochokera kunja zitafika. Zikachedwa, Mss51 yonse imakhala yogwidwa ndipo kupanga Cox1 kumachepa kokha. Umu ndi mmene DNA ziwiri zosaonana zimayendera limodzi.

Linezolid amagwira pa ribosome ya bakiteriya n'kuiletsa kupanga puloteni. Ribosome ya mitochondria ndi m'bale wake, ndiye nayo imagwidwa pang'ono. Zidutswa 13 zija zikachepa, zochokera kunja zimafikabe koma sizipeza pogwira, ndipo zimaphwanyidwa. Makina akale amapitiriza kugwira ntchito mpaka atatha, ndipo vuto limaonekera pamene otha achuluka koma atsopano sakubwera. Apa ndi pamene pachokera kuchedwa kuja. Mafuta a m'mafupa, amene amapanga maselo atsopano tsiku lililonse ndipo selo lililonse latsopano limafuna makina atsopano, amayamba kuonetsa pakapita milungu iwiri kapena kuposerapo. Mitsempha ya kumapazi ndi ya maso imadzaonetsa pakapita miyezi, ndipo ya kumapazi nthawi zina sibwereranso bwinobwino. Selo likalephera kugwiritsa ntchito okosijeni limapanga lactic acid wambiri, choncho wodwala amene wayamba kusanza, kufooka ndi kupuma mothamanga musamuchedwetse. Muziwafunsanso za maso, poti ambiri satchula okha. Mwina mukukumbukira stavudine, mankhwala a HIV amene bungwe la WHO linalangiza kuyambira mu 2009 kuti asiyidwe. Iwo ankaletsa kukopera DNA ya mitochondria, osati ribosome, koma mathero ake anali ofanana: dzanzi kumapazi ndi lactic acid.

Funso: Kodi mavairasi amadziwa za njira zimenezi za m'selo?
— Wophunzira wa sekondale

Yankho: Kudziwa sadziwa, mwanawe, koma amazigwiritsa ntchito, ndipo HIV ndi chitsanzo chabwino. Kachilomboka kalibe makina akeake opangira puloteni. Puloteni yake yakunja, gp160, imapangidwa ndi ribosome za munthu, imalowa mu ER kudzera pa Sec61, imasamalidwa ndi calnexin, n'kulumikizana itatuitatu. Ikafika ku Golgi, malo a m'selo amene mapuloteni amadzera akachoka mu ER, enzayimu ya selo yotchedwa furin imaidula kukhala gp120 ndi gp41, ndipo popanda kudulidwa kumeneku kachilombo katsopano sikangalowe m'selo lina.

Koma mu ER momwemo selo limapanganso CD4, puloteni imene gp120 imagwira polowa m'selo. Ziwirizi zikakumana mmenemo zimagwirana nthawi isanakwane, ndipo gp160 imakodwa. HIV-1 ili ndi kapuloteni kakang'ono kotchedwa Vpu, ka ma amino acid pafupifupi 80. Vpu imagwira CD4 yatsopano, yopanda chilema chilichonse, n'kuibweretsera makina omata ubiquitin, ndipo selo limaiphwanya ngati yolakwika. Cytomegalovirus amachitanso zofanana ndi mapuloteni ake US2 ndi US11, amene amaphwanyitsa MHC class I, kachida kamene selo limaonetsera maselo a chitetezo kuti lalowedwa. Ofufuza anaphunzira zambiri za mmene ER imazulira mapuloteni poonerera mavairasi amenewa.

Musasokoneze zimenezi ndi CD4 imene amayeza kuchipatala. Kumeneko amawerenga maselo okhala ndi puloteniyo m'magazi, ndipo kuchepa kwake kumachokera ku kufa kwa maselowo, osati ku ntchito ya Vpu mu ER.